CIPOLOPOLO COPHERA NJATI CIMAFUNA SIKELO NDI MTIMA WODEKHA

NJATI yolasidwa ikalowa m'bango la m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, mlenje amene wailasa alibe ufulu wobwerera kumsasa. Ayenera kuilondola kufikira ataitsiriza, pakuti akaisiya, mawa idzakumana ndi mai wopita kukatunga madzi kapena mwana wocokera kusukulu. Njati yamphongo imatha kulemera makilogramu 700, ndipo ikatembenuka pa mtunda wa mayadi 20 mlenje amangoomba kamodzi, kawiri ngati ali ndi mwai. Pa nthawi imeneyo moyo wace wonse umatsamira pa kanthu kakang'ono ka mkuwa, kotalika ngati cala.

Ndico cifukwa cace alenje ena a nyama zazikulu safuna kudalira zipolopolo za m'sitolo zokha. Amagula zigawo zace padera, nakhala pansi kunyumba ndi sikelo ndi makina aang'ono, nalumikiza cipolopolo ciri conse ndi manja ao. Mwambo umenewu ngwofala ku America, ku South Africa ndi m'maiko ena a ku Europe, ndipo ena mwa alendo obwera kudzasaka ndi cilolezo m'madera monga Lupande ndi Lumimba amanyamula zipolopolo zotere. Anyamata a m'midzi amene amalembedwa nchito yolonda mapazi a nyama amaziona zipolopolozi, ndipo nkhani yace imawakhudza kwambiri, pakuti wolonda mapazi ndiye amakhala patsogolo.

ZIGAWO ZINAI

Kwa munthu amene anakula akuona gogodela ya agogo ace, nkhaniyi si yacilendo kwenikweni. Mwini gogodela amathira onga kukamwa kwa mfuti, natsendera nsanza, naika cipolopolo, ndipo potsiriza amaika fataki. Cipolopolo ca laifulo ciri ndi zinthu zomwezo, kungoti zonse zasonkhanitsidwa m'cigoba cimodzi ca mkuwa. Kunsi kwa cigoba kuli fataki, m'kati muli onga, ndipo kukamwa kwace kuli mutu umene umauluka kukalasa nyama. Mfuti ikalira, onga wapsa, fataki yatha nchito, mutu wapita. Cotsala ndi cigoba, ndipo cigoba cabwino cingathe kudzazidwanso kangapo.

Si cigoba ciri conse cimene cimalola msanga. Za mtundu wa Boxer ziri ndi kabowo kamodzi pakati, motero fataki yakale imatuluka mosabvuta poikankha ndi kamsomali. Za mtundu wa Berdan ziri ndi timabowo tiwiri tapambali ndipo zimatopetsa. Codabwitsa ncakuti Edward Boxer anali msilikali wa ku Britain koma njira yace inakhazikika ku America, pamene Hiram Berdan anali wa ku America koma njira yace inakondedwa ku Europe. Onse awiri analembetsa luso lao m'caka ca 1866.

Onga ndi mitu samaziyeza ndi supuni kapena cikhatho. Muyezo wace ndi gireni, umene ndi wocepa kotero kuti magireni 7,000 ndiwo amakwana paundi imodzi, ndipo galamu imodzi iri ndi magireni 15 ndi pang'ono. Mfuti yochuka ya .375 H&H, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912, imaponya mutu wa magireni 300 pa liwiro la mamita pafupifupi 760 pa sekondi imodzi. M'maiko ambiri a mu Africa mfuti imeneyi ndiyo yocepetsetsa imene amabvomereza pa njati ndi njobvu.

ZIMENE ZINAONEKA KU MOZAMBIQUE

Nkhani imene alenje amakonda kusimba pofuna kuonetsa kuti onga si cinthu coseweretsa ndi ya mfuti ya .458 Winchester Magnum. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, zipolopolo za mfuti zazikulu za Angelezi zinayamba kusowa ndi kukwera mtengo. Mu 1956 kampani ya Winchester ya ku America inatulutsa mfuti yace yophera njobvu, yotsika mtengo, yoponya mutu wolemera magireni 500 pa liwiro la mamita oposa 640 pa sekondi. Alenje ndi oyang'anira nyama m'maiko ambiri anailandira ndi manja awiri.

Koma cigoba cace cinali cacifupi, mainchesi 2.5 okha. Kuti liwiro lolonjezedwa lija likwane, ku fakitale ankadzaza onga mpaka kukamwa, ndipo mutu polowa unkaupanikiza kwambiri. Zipolopolo zotere zikakhala miyezi yambiri m'nkhokwe zotentha za kuno ku Africa, onga uja unkagwirana nukhala cibuma. Onga wogwirana supsa mofanana. Cipolopolo cina cinkalira bwino, cinzace ca m'bokosi lomwelo cinkatuluka mofooka, osafika pamtima pa nyama.

Mu 1959 mlenje wa ku America, Jack Lott, anabvulazidwa koopsya ndi njati ku Mozambique ali ndi mfuti ya mtundu umenewu m'manja. Anapulumuka, koma anakhulupirira kuti cipolopolo ndico cinamgwiritsa mwala. Nkhaniyo sanaiiwale, ndipo mu 1971 anakonza cipolopolo cace ca mutu womwewo koma ca cigoba cotalikirapo, mainchesi 2.8, kuti onga uzikhala momasuka. Cipolopoloco cimachedwa .458 Lott kufikira lero. Onga wamakono unacepetsa bvuto lija la .458 Winchester, koma mbiri yoipa inakhalitsa zaka zambiri, monga imakhalira ya munthu amene anabapo nkhuku kamodzi.

MMENE NCHITO IMAYENDERA

Wodzaza zipolopolo amayamba ndi kuyang'ana cigoba ciri conse poyera. Cong'ambika kukamwa, cophwanyika, kapena cokhala ndi kamzere kowala pafupi ndi kunsi amacitaya osacimvera cisoni. Kamzere kameneka ndi cizindikiro cakuti mkuwa wapyapyala m'kati ndipo uli pafupi kuduka. Cigoba cikadukira m'mfuti, theka limatuluka, theka limatsakamira, ndipo mfutiyo imasanduka ndodo pa nthawi imene njati ikubwera. Pa cifukwa cimeneci alenje ocenjera amasungira nyama zoopsya zigoba zatsopano kapena zoombedwa kamodzi kokha. Zakale amaphunzirira nazo kulasa capamphumi/pa thabwa.

Cigoba cikaombedwa cimatupa. Motero amacipaka mafuta pang'ono nacikankhira m'cikombole ca citsulo cimene cimacibwezera mu msinkhu wace ndi kucotsa fataki yakale. Ngati catalika, amacidula kukamwa kuti cikwane muyezo. Kenaka amaika fataki yatsopano, imene iyenera kulowa pang'ono kunsi kwa mkuwa, osatumphuka pamwamba.

Tsopano pamabwera nchito ya onga, ndipo apa ndi pamene munthu wopupuluma amadzikumbira manda. Onga uli wa mitundu yambiri. Wina umapsa msanga ndipo ngwa mabasitolo ndi mfuti zoombera mbalame, wina umapsa pang'onopang'ono ndipo ngwa malaifulo akulu. Poyang'ana ndi maso ungafanane, koma kusinthanitsa kwace kumaphulitsa mfuti. Makampani opanga onga, monga Somchem ya ku South Africa, amasindikiza mabuku osonyeza muyezo woyambira ndi muyezo wotsiriza wa mtundu uli wonse wa onga ndi mutu, atayesa ndi makina. Wodzaza amayambira pansi, nakwera pang'onopang'ono, akuyeza pa sikelo yotha kusiyanitsa gawo limodzi mwa magawo 10 a gireni. Pa tebulo pamakhala citini cimodzi cokha ca onga. Fodya, nyali ya moto, mowa ndi maceza zimakhala kunja.

Mantha onsewa ali ndi cifukwa. Pamene .375 ikulira, mphamvu ya mpweya m'kati mwace imaposa ya m'tayala la galimoto kuwirikiza pafupifupi ka 2,000, ndipo zonsezi zimacitika pafupi ndi diso la mlenje. Mfuti imacenjeza yokha mphamvu ikayamba kupyola malire: fataki imaphwathalala, citsulo cotsekera cimalimba potsegula, ndipo kunsi kwa cigoba kumaoneka kacipsera kowala. Woona zimenezi amaleka pomwepo nabwerera m'mbuyo.

Kuiwala onga nako nkoopsya cimodzimodzi. Fataki yokha iri ndi mphamvu yokankhira mutu m'kati mwa mpope wa mfuti nkuusiya momwemo. Woomba akamva kulira kofooka koma osasuzumira mumpope, cipolopolo cotsatira cimagunda cinzace ndipo mfuti imang'ambika. Ndico cifukwa cace amaimika zigoba zonse pamzere naziunika ndi toci asanaike mitu.

Potsiriza amakhazika mutu nafinya kukamwa kwa cigoba kuti kuugwire zolimba. Pa mfuti zazing'ono ena safinya, koma pa zazikulu palibe kucitira mwina. Mfuti yaikulu imakankha mwamphamvu polira, ndipo zipolopolo zodikira m'mimba mwace zimagunda citsulo ca kutsogolo. Mutu wosagwidwa bwino umamira m'cigoba, nucepetsa malo a onga, mphamvu nkukwera modzidzimutsa. Pa mfuti ya mipope iwiri zimacitika mosiyana: mutu wa mumpope waciwiri umasololoka.

DZUWA LA OKUTOBALA

Pali cinthu cina cimene mlendo wocokera kozizira amaiwala. Onga ukatentha umapsa mwaukali. Muyezo umene unali wabwino pa cisanu ca ku Europe ungathe kulimbitsa citsulo cotsekera ku Mfuwe m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kumapyola madigiri 40. Angelezi anazindikira zimenezi kale pa onga wao wochedwa Cordite, ndipo ankacepetsa muyezo m'zipolopolo zotumiza kumaiko otentha. Wodzaza wanzeru safuna liwiro lotsiriza la m'buku. Njati siiwerenga mamita 30 amene wataya, koma cigoba cokakamira m'mfuti cimampatsa nyamayo mpata wonse. Zipolopolo sazisiya padzuwa kapena pafupi ndi galasi la galimoto, ndipo asananyamuke ulendo amalowetsa ciri conse m'mfuti ndi kucitulutsa, pamalo opanda anthu, kuti atsimikize kuti palibe cokana.

Nanga mutu? Iripo mitundu iwiri yaikulu. Wofewa uli ndi mtobvu poyera kunsonga ndipo umafutukuka ngati bowa ukalowa m'thupi. Wolimba sufutukuka, umangoboola. Pa njobvu, imene ubongo wace wabisika kuseri kwa fupa lokhuthala, wolimba wokha ndiwo umagwira nchito. Pa njati ambiri amaika wofewa poyamba ndi yolimba pambuyo pace, cifukwa wolimba ungathe kupyola nyama nkukalasa inzace m'gulu, koma umafunika pamene yolasidwa ikuthawa kapena ikubwera. Mitu yofewa yakale inkasweka pa fupa. Mu 1946 John Nosler wa ku America anaona cipolopolo cace cikulephera kulowa m'nyama yaikulu yopakika matope ku British Columbia, ndipo mu 1948 anayamba kugulitsa mutu wokhala ndi cipupa pakati, kuti kutsogolo kufutukuke pamene kumbuyo kukupitirira. Luso la wodzaza nlakuti mitu iwiriyo, wofewa ndi wolimba, izigwera pamalo amodzi pa thabwa.

LAMULO NDI GOGODELA

M'dziko lino lamulo la mfuti la 1969 limafuna kuti munthu akhale ndi cilolezo asanasunge mfuti kapena zipolopolo, ndipo amene akuganiza za nchito yotere ayenera kuyamba waonana ndi apolisi. Kusaka kumayendetsedwa ndi lamulo la nyama za m'thengo la 2015, ndipo kuyambira mu 2016 oyang'anira ace ndi a dipatimenti ya National Parks and Wildlife, amene analowa m'malo mwa ZAWA. Njobvu kapena mvuu zikalowa m'munda, nkhani iyenera kupita kwa iwo kapena kwa asikauti a m'mudzi, amene ali ndi mfuti zoyenera.

Ngozi yaikulu ku midzi ndi ya munthu amene watola cipolopolo ca laifulo, nacisula, nathira onga wace m'gogodela. Onga wakuda wa makolo ndi onga wopanda utsi, umene Paul Vieille wa ku France anapanga mu 1884, ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Gogodela, makamaka yosulidwa ndi mpope wamba, singapirire mphamvu ya onga wopanda utsi ngakhale utacepa motani. Imaphulikira m'manja, ndipo zoyamba kupita ndi zala ndi maso.

Ngakhale itapanda kuphulika, gogodela kawirikawiri imangobvulaza nyama yaikulu osaipha. Nyamayo imayenda masabata ambiri ndi bala lowola, ikuthamangitsa ali yense wokumana naye panjira. Asikauti akaipha njati kapena njobvu yotere, posenda si kacilendo kupeza tizidutswa ta zitsulo ndi misomali titakwiririka m'mnofu wa paphewa.