Kukhutira Kumachita Kuphunziridwa

Kaya muli kunyumba, kaya muli pa ulonda usiku uno, kaya mukumvera pa foni muli pa bedi la kuchipatala, Mulungu akudalitseni. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani Afilipi mutu 4, ndime 10 mpaka 13, muike chala pamenepo.

Sabata yatha ndinalandira uthenga pa foni kuchokera kwa mayi wina, dzina sinditchula. Akuti, "Abusa, ndakhala mu mpingo zaka 9. Chakhumi ndimapereka, kusala ndimasala. Koma ndikadali m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, pamene mnzanga amene tinabatizidwa tsiku limodzi wamanga nyumba ya mpanda. Kodi ndili ndi temberero?" Mayi, lero ndikuyankha inu. Ndikudziwanso kuti simuli nokha, ena ambiri funso lomweli ali nalo, kungoti amachita manyazi kufunsa.

Tiyambe taona amene akulemba kalatayi. Ndi Paulo, ndipo akulemba ali m'ndende, womangidwa. Akhristu a ku Filipi, mzinda wa ku Makedoniya, anamva za mavuto ake n'kutuma munthu wao Epafrodito kuti akam'patse thandizo. Ulendowo Epafrodito anadwala nawo mpaka kutsala pang'ono kufa. Ndiye Paulo akuthokoza. Koma kathokozedwe kake n'kodabwitsa. Akuwauza kuti wakondwera, kuti achita bwino, kenaka akuwonjezera kuti asaganize kuti mtima wake unali m'mwamba podikira phukusilo, chifukwa anaphunzira kale kukhala wokhutira mulimonse mmene zinthu zilili.

Gwirani mawu amenewo: anaphunzira. Sananene kuti anabadwa nako. Sananenenso kuti kunam'gwera tsiku lomwe anaona kuwala pa njira ya ku Damasiko. Ife a Pentekoste timakonda zochitika pompopompo, ndipo n'zoona Mulungu amachiritsa pompopompo, ndaona ndi maso angawa. Koma kukhutira si chinthu choti abusa akusanjikeni manja, mugwe pansi, mudzuke muli nako. Ndi sukulu, ndipo ena timabwereza kalasi. Ameni?

Sukulu imeneyi ili ndi makalasi awiri. Paulo akuti anadziwa kukhala ndi njala, anadziwanso kukhuta. Kalasi ya kusowa ambiri tikuidziwa, sindichedwapo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo munthu amene malipiro ake sanasinthe anangodzuka ali wosauka kuposa dzulo lake, asanachimwe tchimo lililonse latsopano. Mayi amene munanditumizira uthenga, mvetsani pamenepa. Feteleza akakwera mtengo, amakwerera wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Paulo anagona ndi njala ali mtumwi wodzazidwa ndi Mzimu Woyera. Kodi iyenso anali ndi temberero? Akhristu a ku Makedoniya omwewo, tikawerenga 2 Akorinto mutu 8, anali osauka kwambiri, koma Paulo akuwaika ngati chitsanzo kwa mipingo ina pa nkhani ya kupereka. Palibe pamene anawauza kuti abwere adzawamasule ku mzimu wa umphawi.

Kalasi yachiwiri, ya kukhala nazo, ndi imene anthu saikhulupirira kuti ndi yovuta. Munthu amati, "Ndikangopeza K200,000 pa mwezi, basi mtima wanga ukhala pansi." Aipeza. Pakangotha miyezi 6 akuti ikuchepa, chifukwa tsopano akucheza ndi anthu a K500,000. Anali ndi njinga yakapalasa, ankathokoza. Wagula yamoto, tulo wasowa chifukwa mlamu wake wagula galimoto. Thumba lakula, koma dzenje la mumtima lakula kuposa thumba. Ndaonapo anthu amene ali paumphawi sankaphonya mapemphero a m'bandakucha, geni itayenda, Lamulungu linasanduka tsiku lokaoda katundu. N'chifukwa chake Aguri, pa Miyambo mutu 30, anapempha Mulungu kuti asam'patse umphawi komanso asam'patse chuma chochuluka. Anaopa mbali zonse ziwiri: kuti akakhuta kwambiri angakane Mulungu, akasowa kwambiri angabe n'kunyozetsa dzina lake. Pemphero limenelo sindinalimvepo pa mapemphero a usiku wonse. Ngakhale ine sindinalitsogolerepo, ndivomere.

Ndime 13 nonse mumaidziwa. Ndi ija yonena kuti mwa Khristu palibe chotikanika, imene timailemba kumbuyo kwa minibasi ndi pa khoma la okala. Sindikuletsa. Koma iwerengeni pamodzi ndi ndime 12 imene ili pamwamba pake. Zinthu zonse zimene Paulo akunena kuti angathe ndi zomwe wangotchulazo: kusowa osataya chikhulupiriro, kukhala nazo osataya mutu. Mphamvu ya Khristu imene akuitamanda apa si yotsegulira shopu yachiwiri yokha ayi. Ndi mphamvu yoti eni nyumba agogode pa chitseko pa 30, ndalama mulibe, koma osanama, osaba, osapita kwa sing'anga kukakhwima. Aleluya!

Tsopano wina anena kuti, "Ndiye abusa mukuti tingokhala, tipinde manja?" Ayi, m'bale wanga. Paulo yemweyu ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila kuti adzidyetse yekha. Ndi yemweyu amene anauza Atesalonika kuti wokana ntchito asapatsidwe chakudya. Ku Filipi komweko munthu woyamba kutembenuka mtima amene timam'dziwa ndi Lidiya, mayi wa bizinesi ya nsalu zofiirira, nsalu zodula, ndipo nyumba yake ndi imene inalandira atumwi. Limani, chitani geni, lowani banki mkhonde, tumizani ana kusukulu, pemphani kukwezedwa pa ntchito. Umphawi si chiyero. Mwana wogona ndi njala sakulemekeza Mulungu ndi njalayo, ndipo mpingo umene uli ndi chimanga m'nkhokwe usamuuze mayi wamasiye kuti akhutire, um'patse ufa. Kukhutira kumene tikunena kumakhala mumtima pamene manja ali pa khasu.

Pano ndilankhule kwa atumiki anzanga, ndipo ndikudziwa ena sakondwa nane. Pa 1 Timoteo mutu 6 Paulo akuchenjeza za aphunzitsi amene amaona kupembedza ngati njira yopezera phindu. Mutu womwewo ndi umene umanena kuti muzu wa zoipa ndi kukonda ndalama, osati ndalamayo. Tikamauza nkhosa kuti wopereka K50,000 aime kutsogolo alandire mdalitso waukulu, wa K500 aime kumbuyo, tikuphunzitsa anthu kuyeza chikondi cha Mulungu ndi sikelo ya pamsika. Mayi uja sakanafunsa za temberero pakadapanda wina kumuuza kuti mdalitso umaoneka ndi mpanda wa njerwa.

Kumbukirani Gehazi, 2 Mafumu mutu 5. Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, wachira khate, akufuna kupereka mphatso, Elisa akukana. Gehazi, mnyamata wa mneneri, mtima ukum'pweteka kuona chuma chikubwerera. Akuthamangira galeta, akupeka bodza kuti kwabwera alendo awiri, ana a aneneri, akupempha talente imodzi ya siliva ndi zovala ziwiri. Namani akum'patsa matalente awiri. Taonani, anapempha imodzi, analandira ziwiri. Lero akanaimirira mu tchalitchi kupereka umboni wa mdalitso wowirikiza, ife n'kumaomba m'manja. Koma anatuluka pamaso pa Elisa ali ndi khate la Namani. Gehazi sanali ndi njala, ankadya kwa mneneri. Chinam'gwetsa ndi diso.

Diso limenelo ndikulidziwa, chifukwa linandigwetsapo inenso. Nditangomaliza sukulu ya Baibulo ndinaitanidwa kukalalikira ku msonkhano wa abusa. Ndinali ndi jekete imodzi ya pa kaunjika, yabwinobwino, amayi kunyumba ataichapa n'kuisita. Koma ndinali nditaona masuti a anzanga. Ndinapita kwa munthu wa katapila, osawauza amayi, n'kukongola ndalama ya suti yatsopano ndi nsapato. Ndinalalikira mphindi 40, anthu anati ameni, ndinabwerera. Mwezi utatha ndalama ndinalibe, chiwongola dzanja chinakwera. Mwezi wachitatu munthu uja anabwera kunyumba masana, anthu akuona, n'kunyamula makina osokera a amayi, omwe ankatidyetsa. Amayi sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Bambo, kodi jekete ija inalakwa chiyani?" Mpaka lero yankho ndilibe. Zinatitengera chaka kuti tigule makina ena, ndipo sutiyo inandithina isanathe n'komwe.

Ndiye mayi, ndibwerere kwa inu. Temberero mulibe. Ngati muli mwa Khristu, Agalatiya mutu 3 akutiuza kuti Iye analisenza pa mtanda. Za mnzanu wa mpanda uja, simukudziwa kuti anamanga bwanji. Mwina ndi thukuta lake, ndipo ngati ndi choncho pitani mukamuyamikire, mum'funsenso kuti geni yake amaiyendetsa bwanji. Mwina ndi ngongole imene ikum'sowetsa tulo. Zimenezo ndi za iye ndi Mulungu wake. Inu pempherani za nyumba, Atate sakwiya ndi pempho limenelo, ndipo ine ndipemphera nanu. Koma musakongole kuti mufanane naye, musagule madzi kapena mafuta kwa aliyense amene akulonjeza kuti mumanga chaka chino, ndipo musaleke kubwera ku mapemphero chifukwa chitenje chanu ndi chomwechija cha chaka chatha. Usiku uno, ana akagona, werengani Afilipi mutu 4 wonse mofatsa, kuyambira ndime 1 mpaka kumapeto. Mukatero mundilemberenso, mundiuze chimene mwapeza pa ndime 19, chifukwa sabata yamawa tiyambira pamenepo.

Tsekani maso, tipemphere.