Mabuleki a mthuthuthu akafewa, tulutsani mpweya musanasenze katundu

Tsiku lina m'chilimwe chathachi ndinali pa ulendo wokayendera madimba a tomato a kalabu ina ya alimi m'dera la Inkosi Champiti ku Ntcheu. Kumbuyo kwa mthuthuthu ndinali nditamanga thumba la feteleza la makilogalamu 50. Potsetsereka kulowera ku mtsinje, mbuzi zitatu zinatulukira mumsewu. Ndinafinya liva ya buleki ya kutsogolo, koma inangolowa mpaka kugunda chiwongolero. Buleki ya kumbuyo ndi giya ndizo zinandipulumutsa.

Sabata imeneyo n'kuti nditasinthitsa paipi ya buleki yomwe inkadontha, ndipo wokonzayo anasiya mpweya m'kati. Ndaona kuti ndi bwino ndikambe nkhaniyi pa tsamba lino, poti masiku ano alimi ambiri akagulitsa soya, mtedza kapena mbatata ya kachewere amagula mthuthuthu wonyamulira zokolola kupita ku misika ngati Lizulu ndi pa boma pa Ntcheu.

Yambani mwadziwa mtundu wa mabuleki anu

Njinga zambiri za kabaza, ngakhalenso Yamaha AG200 yomwe alangizi ambiri anayendapo, zili ndi mabuleki okokedwa ndi waya kapena kachitsulo. Amenewa safuna mafuta, mumangokunga. Koma ngati pa gudumu pali chimbale chachitsulo, ndiponso pa chiwongolero pali kathanki kakang'ono, ndiye kuti buleki yanu imayendera mafuta. Mafutawa saphwanyika mukawapanikiza, n'chifukwa chake mphamvu ya dzanja imafika ku gudumu. Mpweya ndiye umaphwanyika. Ukalowa m'paipi, mphamvu yanu imathera poufinya, njinga ili kupitabe.

Njinga zina zatsopano zili ndi chipangizo chotchedwa ABS. Ntchito yake ndi kuletsa gudumu kuti lisaume n'kuyamba kukhwekhwereza pansi mukamanga buleki mwadzidzidzi. Chimagwira ndi kutaya kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kampani ya BMW ndiyo inayamba kuchiika pa njinga zamoto mu 1988, ndipo ku India kuyambira mu 2019 njinga iliyonse yatsopano yoposa 125cc iyenera kukhala nacho. Mudzachizindikira ndi kamphete kamabowomabowo pakati pa gudumu ndi kanyali kolembedwa ABS komwe kamazima njinga ikayamba kuyenda.

Kachitidwe kake

Pezani botolo la mafuta a buleki losatsekula, la mtundu wolembedwa pa chivindikiro cha kathanki, kawirikawiri DOT 4. Pezaninso kapaipi koonekera m'kati, botolo lopanda kanthu, sipanala yokwana bwino (pa njinga zambiri ndi ya 8) ndi munthu wokuthandizani. Kiyi akhale wozimitsa.

Imikani njinga pamalo osendeza bwino kuti kathanki kasapendeke. Pukutani fumbi musanatsekule chivindikiro. Lowetsani kapaipi pa kabawuti kotulutsira mafuta kumunsi ku gudumu, mbali inayo muiviike m'botolo momwe mwathira mafuta pang'ono.

Mnzanuyo afinye liva katatu, kenaka aigwire osataya. Inu masulani kabawuti pang'ono chabe. Mafuta adzatuluka ndi thovu ndipo liva idzalowa. Mangani kabawuti kaye, ndiye mnzanuyo ataye liva. Akataya musanamange, mpweya ubwerera momwe wachokera. Bwerezani mpaka mafuta azituluka oyera, opanda thovu.

Apa ndiye pagona nkhani kwa eni njinga za ABS: musalole kuti kathanki kaume. Muzithiramo mafuta pafupipafupi. Mafuta a njinga zotere amadutsa m'kabokosi komwe muli pampu ndi timavalavu, ndipo mpweya ukabisala m'menemo suchoka ndi kufinya kokha. Ine ndinabwereza kawiri konse liva ili yofewabe. Ndinachita kupita pa bwalo la mpira lopanda anthu, n'kuyenda pang'onopang'ono molunjika, n'kumanga buleki mwamphamvu mpaka liva inanjenjemera m'dzanja. Kunjenjemerako ndiye kuti pampu yagwira ntchito ndipo yakankha mafuta. Nditatulutsanso mpweya kachitatu, thovu linatuluka, buleki n'kulimba. Usiku ndinamanga liva ndi lekeni kuti timpweya totsala tikwere ku kathanki.

Koma ndikuchenjezeni. Pa njinga zina kabokosi kameneka kamafuna makina a kompyuta a kwa ogulitsa njinga. Liva ikakhala yofewabe, kapena kanyali ka ABS kakakana kuzima, musakakamire. Safunsa anadya phula.

Zoyenera kupewa

Musathire oyilo wa injini kapena mafuta ophikira m'kathanki. Amatupitsa timphira ta m'kati ndipo buleki imafa. Mafuta a DOT 5 sagwirizana ndi ABS ndipo sasakanizidwa ndi DOT 4. Musagule mafuta opimidwa kuchokera m'botolo lomwe lakhala chitsekulire, chifukwa mafutawa amayamwa chinyezi. A DOT 4 atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 230, koma akayamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 155. Pa chitsetse chachitali ngati cha ku Tsangano, mutasenza matumba a mbatata, buleki imatentha, mafuta n'kuwira, nthunzi n'kuchita zomwe mpweya umachita. N'chifukwa chake opanga njinga ambiri amalangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse.

Mafuta akagwera pa penti tsukani msanga ndi madzi. Otha ntchito musawataye m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo botolo likhale kutali ndi ana.

Alimi anzanga, mvula ili pafupi ndipo tiyamba kututa mbewu ndi feteleza m'misewu yoterera. ABS imathandiza pokhapokha m'mapaipi muli mafuta okhaokha. M'mawa uliwonse musanalize injini, finyani liva. Ikalimba, nyamukani. Ikafewa, tsitsani thumbalo.