Kabaza Wamumlengalenga ku Cape Town

Mlongo wanga anandifunsa kuti ndinalimba bwanji mtima kudumpha paphiri la Signal Hill kutatsala tsiku limodzi kuti ndichoke ku Cape Town. Inenso poyamba ndinkayesa kuti munthu amadumphadi. Ayi ndithu.

Mumauluka ndi chinsalu chachikulu chokhala ndi timatumba totseguka kutsogolo. Mukamathamanga motsetsereka, mphepo imalowamo n'kuchifufumitsa ngati chitenje chapachingwe, mapazi n'kungosiya nthaka okha. Zili ngati kabaza, kungoti woyendetsa amakhala kumbuyo kwanu, atakumangirirani malamba. Akakoka chingwe chakumanja, mumakhotera kumanja.

Nanga bwanji simugwa? Kutsika mumatsika, koma pang'onopang'ono. Mukapeza mpweya wokwera umakunyamulaninso, monga momwe kabawi amayandamira osakupiza mapiko.

Tinatera pakapinga ku Sea Point, mawondo anga akunjenjemerabe.