NYUMBA ZAKALE ZIKHALITSA PAMENE ZIPATSIDWA NCHITO

BLANTYRE.—Anthu a mu mzinda uno adziwa bwino tanthauzo la nyenyezi yofiira yolembedwa pa khoma la sitolo. Ndiye kuti a Khonsolo aweruza kuti nyumbayo yatha, ndipo mwini wace aikonze kapena aigwetse. Mcitidwe umenewu unayamba m'masiku a Dr. Kamuzu Banda. Koma kodi nyumba iriyonse yokalamba iyenera kugwa?

Taonani nyumba ya Mandala. Inamangidwa m'caka ca 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene oyang'anira ace anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzinalo linacokera ku magalasi a m'maso amene John ankabvala. Makoma ace ndi a njerwa ndi dothi, ndipo iri ndi khonde lalikulu loteteza makomawo ku mvula. Malonda a kampaniyo atacoka m'menemo nyumbayo sinasiyidwe. M'zipinda za pamwamba anaikamo mabuku ndi makalata akale a bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, ndipo pansi anakonzapo malo odyera ndi ogulitsira zithunzi. Cimene caisunga kufikira lero ndico cakuti muli anthu oona msanga pamene denga layamba kudontha.

Zoterezi zinacitikanso ku Zomba, kumene nyumba ya Masongola ya 1886, imene munkakhala nduna ya Angerezi, inasanduka hotela. Ku Livingstonia nyumba yamiyala ya Dr. Robert Laws, ya 1903, inasanduka mogona alendo ndi mosungira zinthu zakale.

Pamene nyumba yakale isintha nchito, malamulo awiri amakomana. Loyamba ndi la kamangidwe, losungidwa ndi makhonsolo. Nyumba imene munkagona banja limodzi ikayamba kulandira khamu la anthu, pafunika makomo okwanira othawira moto, makwerero olimba, nthambo zamagetsi zatsopano ndi zimbudzi. Mapulani ayenera kubvomerezedwa nchito isanayambe. Lamulo limeneli liteteza moyo wa kalaliki, wophika ndi mlonda amene adzagwiramo nchito.

Laciwiri ndi lamulo la 1990 losunga zikumbutso ndi zinthu zakale, loletsa kugwetsa kapena kusintha nyumba yotetezedwa popanda cilolezo ca Boma.

Bvuto lace liri pamenepa. Mmisiri wofuna kukondweretsa lamulo loyamba angathe kuphwanya laciwiri. Akamata simenti pa khoma la njerwa zofewa, cinyezi cimatsekeredwa m'kati ndipo njerwa zimafumbutuka. Khoma lotere lifuna laimu, amene amalola cinyezi kuturuka. Akacotsa khonde kuti apeze malo a magalimoto, mvula imamenya khoma ndipo ciswe cimapeza njira. Cifukwa cace nkofunika kuti oyang'anira kamangidwe ndi oyang'anira zakale aziyendera nyumbayo pamodzi, mwini wace asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.

Anthu a pa nchito m'matauni nkhaniyi ikuwakhudza. Kukonza nyumba yakale kufuna amisiri a njerwa, akalipentala ndi opaka utoto, ndipo ikatsegulidwa imalemba anthu nchito. Nyumba yoopsa pa moyo wa anthu igwe ndithu. Koma pamene maziko ali olimba, akuru a mzinda ayambe afunsa nchito imene nyumbayo ingagwire asanatenge utoto wofiira.