Tchuthi cha Nyengo Yozizira Ndiyo Nthawi Yokonza Denga

Mphepo ya mwera ili kuomba panyanja, ndipo ku mapiri a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre chiperoni chayamba kale kutsika ndi nkhungu yake. M'mwezi wa Julayi sukulu zitsekera, ndipo aphunzitsi pamodzi ndi ena ogwira ntchito m'Boma amene atenga tchuthi adzakhala ndi masabata angapo opumula. Ambiri a iwo ali kulingalira za ulendo wa kumudzi, za chimanga cha m'nkhokwe ndi za fizi ya ana. Owerengeka okha ndiwo ali kukumbukira denga limene amagona pansi pake, pakuti denga silivuta munthu kukakhala kopanda mvula. Komatu nyumba imene idzadontha m'Disembala ndi yomweyo imene mwini wake ali kuiyang'ana lero nanena kuti ili bwino.

Madzi a padenga ndi ochuluka

Mphunzitsi wa masamu adziwa kuti mvula ya milimita 1 ikagwa pa malo a sikweya mita 1 ipereka lita 1 ya madzi. Chotero denga la masikweya mita 100 lilandira malita 2,000 pa mvula ya mamilimita 20 yokha, imene ingathe kugwa madzulo amodzi. Amenewo ndi migolo 10 ya malita 200. Madzi onsewa ayenera kutsika msanga ndi kupita kutali ndi khoma, ndipo ntchito imeneyi ndi ya ngalande zachitsulo kapena zapulasitiki zokhomedwa m'mphepete mwa denga, pamodzi ndi mipope yotsitsira madziwo pansi.

M'miyezi yopanda mvula mitengo ya malaina ndi jakaranda iyoyola masamba ake, mphepo inyamula fumbi, mbalame nazo zimanga zisa, ndipo zonsezi zidzaza ngalande zija. Mvula ikadza, madzi asowa njira, nasefukira pa matabwa a m'mphepete, natsetsereka pakhoma kufikira pa maziko. Khoma lomangira dothi likamwa madzi lifewa ndi kung'aluka. Masamba onyowa asunga chinyezi pa malata kufikira dzimbiri liwaboola. Thabwa lonyowa liitana chiswe. Madzi odikha m'ngalande asanduka moswanirana udzudzu pafupi ndi zenera logonako ana.

Zoyenera kuchita

Ntchito yoyamba siifuna ndalama. Mwini nyumba achotse zinyalala zonse m'ngalande, ndipo athire ndowa ya madzi kumapeto kwake ndi kupenya m'mene ali kuyendera. Ngati madzi aima pakati, ndiye kuti ngalandeyo yatsika pamenepo, ndipo zitsulo zoigwiriza ziyenera kukwezedwa. Pansi, pamene mpope uthira madzi, pakhale mwala kapena simenti ndi njira yowatengera kutali ndi maziko. Nthambi zolendewera pamwamba pa nyumba zidulidwe.

Pambuyo pake alowe m'nyumba usana dzuwa lili pamutu, ayang'ane kumwamba. M'nyumba yopanda siling'i, paliponse pamene paoneka kadontho ka kuwala ndipo podzalowera mvula. M'nyumba ya siling'i, mawanga ofiirira ndiwo mboni ya kudontha kwa chaka chatha.

Malata afutukuka ndi kutentha kwa usana nabwerera ndi kuzizira kwa usiku, ndipo kuyenda kumeneku kumasula misomali pang'onopang'ono. Msomali wokhwefuka uchotsedwe, pakhomedwe wina wachipewa, pamsana pa lata, osati m'chigwa moyenda madzi. Wogula malata atsopano akumbukire kuti nambala ya geji ikamakula lata limapyapyala: la geji 28 ndi lochindikala kuposa la geji 32.

Mphepo inyamula denga

Mvula zoyamba zimadza ndi mphepo yamkuntho, ndipo chaka ndi chaka Dipatimenti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi imalengeza za nyumba ndi zipinda zophunziriramo zimene zasasuka madenga. Mphepo imakoka denga kulinyamula m'mwamba, kuyambira m'ngodya ndi m'mphepete. Miyala ndi njerwa zimene ena amasanja pa malata sizithandiza kwenikweni, ndipo zikagwa zingathe kuvulaza munthu. Chofunika ndi kumanga mitengo ya denga ndi waya wolimba wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa.

Namondwe wa Freddy, amene m'Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, anaonetsa mphamvu imene denga lililonse silingalimbane nayo. Koma nyumba zambiri zimagwa ndi mvula ya masiku onse, chifukwa khoma linamwa madzi zaka zingapo popanda wolabadira. Ndipo denga la sukulu likasasuka, mabuku anyowa, ana nabwerera pansi pa mtengo m'kati mwa dzinja.

Chifukwa chake ntchitoyi ichitike tsopano

Udzu wofolera umamwetedwa m'Juni ndi m'Julayi, utauma bwino, moto wa m'tchire usanaumalize. Wofolera ndi udzu aonetsetse kuti denga ndi lotsetsereka ndithu, ngati madigiri 45, kuti madzi asakhalitse paudzu ndi kuuoletsa. Pofika Okutobala udzu wasowa, amisiri atanganidwa ndi anthu ochedwa, ndipo malata atentha kotero kuti munthu sangakhalepo nthawi. M'nyengo yozizira denga ndi louma, utoto ugwira bwino, ndipo wapantchito ali ndi mpata woyang'anira mmisiri iye mwini.

Wokwera padenga achenjere. Asakwere m'mawa mame asanaume kapena tsiku la chiperoni. Aponde pa mzere wa misomali, pamene pali mtengo kunsi. Atalikire mawaya a magetsi. Ndipo pakhale wina womugwirira makwerero. Madenga a asibesitosi a nyumba zina zakale amasweka msanga, ndipo fumbi lake liwononga mapapo. Amenewa asadulidwe kapena kupalidwa, koma aitanidwe odziwa.

Nyumba ya Boma ndi ya wogonamo

Aphunzitsi ambiri akhala m'nyumba za sukulu, ndipo ena ogwira ntchito m'Boma akhala m'nyumba za Boma kapena za Malawi Housing Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1964. Pakati pawo pamamveka mawu akuti nyumba si yanga, akonze eni ake. Nzoona kuti kusintha malata ndi mitengo ndi udindo wa eni nyumba. Koma mphasa, zovala ndi mabuku zimene zidzanyowe ndi za wogonamo. Kusesa ngalande iye angathe yekha, ndipo kalata yodziwitsa eni nyumba za malo odontha ilembedwe lero, pamene mpata wokonza ulipo, m'malo modikira Januwale pamene aliyense ali kulira.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga, pakuti denga la nkhokwe analimangira pansi nalikweza anthu ambiri pamodzi. Mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi makolo atapatula Loweruka limodzi m'tchuthi chimenechi, angathe kuyendera madenga onse a pasukulu ndi makwerero amodzi. Chizimalupsa chikadzagwa m'Okutobala, aliyense adzadziwa ngati tchuthi chake anachigwiritsa ntchito bwino.