Loya wa ku Ndola ndi Msilikali Amene Anamuimilira pa Mlandu

Munthu wocokera m'Chibolya akalunjika kum'mawa, nadumpha mseu wa Lumumba ndi wa Cairo, natsata Independence Avenue, adzafika pa Bwalo Lalikulu la Milandu miyendo isanatope. Koma anthu ambiri a m'makomboni sanalowemo m'nyumba imeneyo. Milandu yao ya maukwati, ya ngongole ndi ya cuma ca masiye imathera ku makhoti ang'ono, kumene lamulo silola maloya kuimilira munthu. Conco ambiri amaona loya ngati munthu wa anthu olemera okha, amene nchito yake imaoneka m'manyuzipepala. Mbiri ya a Levy Patrick Mwanawasa, mtsogoleri wacitatu wa dziko lino, ionetsa mbali ina ya nchito imeneyi.

A Mwanawasa anabadwira ku Mufulira pa 3 September 1948. Anaphunzira ku Chiwala Secondary School ku Ndola, ndipo anatsiriza maphunziro a zamalamulo pa Yunivesite ya Zambia m'caka ca 1973. Atagwira nchito pansi pa maloya ena kwa zaka zingapo, anatsegula ofesi yaoyao, Mwanawasa and Company, m'caka ca 1978. Ofesiyo inali ku Ndola, ndipo mlandu ukakhala ku Lusaka kunali kuyenda makilomita oposa 300. M'caka ca 1985 Boma linawasankha kukhala Solicitor General, ndiye kuti mmodzi wa maloya akulu a Boma, koma caka cotsatira anabwerera ku ofesi yao.

Masiku amenewo dziko linali ndi cipani cimodzi, ca UNIP, ndipo malamulo a citetezo anali kupatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yotsekera munthu popanda kuzenga mlandu. Loya woimilira munthu amene Boma lamukwiyira anali kudziwa kuti maso ali pa iye.

Mu October 1988 anamangidwa a Lieutenant General Christon Tembo, amene kale anali mkulu wa asilikali ndipo pa nthawiyo anali kazembe wa Zambia ku West Germany. Iwo pamodzi ndi akuluakulu ena a usilikali anawaimba mlandu wofuna kulanda Boma. Cilango ca mlandu wotere cinali imfa, pakuti lamulo la kunyonga linacotsedwa m'dziko muno m'caka ca 2022 cabe. M'caka ca 1989 a Mwanawasa, amene zaka zitatu zapitazo anali loya wa Boma lomwelo, anatsogolera maloya ocinjiriza a Tembo. Dzina lao linayamba kumveka m'mabasi ndi m'misika. Mlanduwo sunathe ndi cingwe: mu July 1990 a Kenneth Kaunda anakhululukira a Tembo ndi akaidi ena andale, ndipo mwezi womwewo linabadwa gulu la MMD, momwe a Mwanawasa anali kuyang'anira zamalamulo.

Njira yocokera m'khoti kupita ku nyumba ya mtsogoleri inapondedwapo kale ku maiko ena. Ku America, a Abraham Lincoln analandira cilolezo ca uloya m'caka ca 1836 osapitako ku yunivesite, ataphunzira okha m'mabuku obwereka. Anakhazikika ku Springfield m'cigawo ca Illinois, koma milandu ya m'tauniyo sinali yokwana kudyetsa banja. Tsono kawiri pa caka woweruza ndi maloya anali kunyamuka pa akavalo kapena pa ngolo, kuzungulira maboma a kumidzi kwa milungu yambiri. Anali kuoloka mitsinje yopanda milato, kugona awiriawiri pa kama mmodzi m'nyumba za alendo, ndipo kawirikawiri loya anali kuonana ndi mwini mlandu tsiku lomwelo la khoti. Milandu yake inali ya ngongole, ya malire a minda, ya ziweto ndi ya kuipitsa mbiri ya mnzako, yosasiyana kwenikweni ndi imene imamveka m'makomboni a Lusaka. Kusiyana kwake nkwakuti kumeneko loya ndiye anali kulondola anthu kwao.

Mlandu wao wodziwika kwambiri ndi wa m'caka ca 1858, pamene anaimilira Duff Armstrong, mwana wa bwenzi lao lakale, pa mlandu wakupha munthu. Mboni inalumbira kuti inaona zonse usiku cifukwa mwezi unali kuwala. A Lincoln anatulutsa buku la kalendala loonetsa kuti pa ola limenelo mwezi unali pafupi kulowa. Mnyamatayo anamasulidwa, ndipo loya sanalandire malipiro.

Anthu amene loya akumana nao m'khoti samsiya akalowa ndale. Woweruza amene a Lincoln anayenda naye maulendo aja, a David Davis, ndiwo anawamenyera nkhondo pa msonkhano wa cipani ku Chicago m'caka ca 1860, kufikira atasankhidwa kuimira cipanico. M'caka ca 1862 a Lincoln anawaika m'Bwalo Lalikulu Koposa la dzikolo.

Kwa a Mwanawasa zinayenda mwina. Anakhala waciwiri kwa a Frederick Chiluba m'caka ca 1991, natula pansi udindowo mu July 1994. Mpando womwewo unadzagwera a Tembo m'caka ca 1997. Pamene a Chiluba anafuna kuimanso kacitatu, a Tembo anakana, nacoka m'Boma, nakhala mtsogoleri wa cipani catsopano ca FDD. MMD inaitana a Mwanawasa kucokera ku ofesi yao ya uloya. Motero pa masankho a pa 27 December 2001 loya ndi munthu amene anamuimilira anapezeka pa pepala limodzi la voti, aliyense akufuna mpando umodzi. A Mwanawasa anapambana ndi mavoti osafika gawo limodzi mwa magawo atatu, a Anderson Mazoka anatsatira pafupi, ndipo a Tembo anakhala acitatu.

A Tembo sanakhutire. Pamodzi ndi a Mazoka ndi a Godfrey Miyanda anakasuma ku Bwalo Lalikulu Koposa kuti masankhowo sanayende bwino, ndipo wosumiridwa woyamba anali loya wao wakale uja. Mlanduwo unatenga zaka zitatu. Mu February 2005 oweruza anavomereza kuti zolakwika zinalipo, koma anagamula kuti sizinali zokwana kufafaniza masankho.