Amisiri Oumba Mabingu: Chuma cha Makutu Chimene Ntcheu Sanachikolole

Munthu aliyense amene anakhalapo pa benchi m'kanyumba koonetsera mafilimu pa Ntcheu boma, pa Lizulu kapena pa Kampepuza, nkumva chitseko chachitsulo chikutsekeka ndi mdidi wogwedeza chifuwa, kapena lupanga likusololedwa m'chimake ndi kulira kochititsa nthumanzi, ayenera kuti anakhulupirira kuti makutu ake amva chomwecho chimene maso ake aona. Koma zoona zake n'zakuti ambiri mwa maphokoso oterewa sanamveke konse pa tsiku lojambula zithunzizo. Anaumbidwa pambuyo pake, m'chipinda chotseka, ndi amisiri amene ntchito yawo yonse, kuyambira m'mawa kufikira dzuwa kulowa, ndi kutchera khutu.

Luso limeneli lili ndi makolo ake. Pamene mafilimu anayamba kulankhula, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, munthu wina dzina lake Jack Foley, wantchito wa kampani ya Universal ku America, anazolowera kuimirira patsogolo pa chinsalu choonetsera, nayenda, nagwedeza nsalu, natsegula zitseko molingana ndi zochita za osewera, kotero kuti kufikira lero ntchito yotere imatchedwa ndi dzina lake. Akavalo ambiri amene tinawamva akuthamanga m'mafilimu akale anali zikamba za kokonati zogundidwa pansi. Ndipo pamene Ben Burtt anapatsidwa ntchito yopezera mawu mfuti za m'filimu ya Star Wars, imene inatuluka mu 1977, iye sanapite kwa asilikali ayi, koma anatenga nyundo nakamenya waya wokoka wochirikiza nsanja ya wailesi, ndipo kulira kwa waya uja n'kumene ana a dziko lonse akhala akukutsanzira ndi pakamwa. Ngakhale kwathu kuno, amene anakula akumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC akudziwa kuti kugogoda kwa chitseko ndi mapazi a munthu wobwera zinkamanga mudzi wonse m'maganizo mwa womvera, popanda chithunzi ngakhale chimodzi.

Tsono pali mtundu wa nyimbo zovina umene unalanda luso la amisiri a mafilimuwa nuliyesa lakelake. Umatchedwa drum and bass, ndipo unabadwira ku London ndi ku Bristol kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makamaka pakati pa ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Jamaica ndi zilumba zoyandikana nazo, amene anakulira pafupi ndi zimasipika zazikulu zoulutsirapo reggae. Ng'oma zake zimathamanga kwambiri, kawirikawiri kugunda ka 170 kufikira ka 175 pa mphindi imodzi, ndiye kuti pafupifupi katatu pa sekondi. Koma besi wake amayenda mwaulemu pansi pake, nthawi zambiri pa theka la liwirolo, monga momwe amayendera mu reggae. Chimbale cha Goldie chotchedwa Timeless, cha mu 1995, ndi cha Roni Size ndi anzake a Reprazent chotchedwa New Forms, chimene chinalandira mphotho ya Mercury mu 1997, ndi zimene zinaonetsa anthu okayika kuti nyimbo za m'magule a usiku zingathe kukhala ndi kuya ndi ulemerero.

Popeza nyimbo zambiri za mtunduwu zilibe woimba wofotokoza nkhani, udindo wofotokoza umagwera maphokoso. Mmisiri amayamba ndi kuyala malo: mphepo yapatali, madontho a madzi, kulira kwa chitsulo kosadziwika kumene kukuchokera, kuti womvera adzimve ngati walowa m'phanga kapena m'mzinda wopanda anthu. Kenaka amabweretsa phokoso lokwera pang'onopang'ono, limene limakoka mtima kwa masekondi khumi kapena makumi awiri, ndipo likafika pachimake amadula zonse, nasiya kachetechete kosakwana ndi sekondi yomwe. Pomwepo ndipo pamagwa mdidi waukulu, ng'oma ndi besi nkulowa pamodzi. Kachetechete kaja n'kofunika koposa zonse, pakuti khutu limayesa kukula kwa phokoso poliyerekeza ndi chimene chalitsogolera, ndipo amene saphunzira kudula sadzagwedeza bwalo ngakhale atakweza makina ake kufikira kumapeto.

Kodi zonsezi zikukhudzana bwanji ndi Ntcheu? Pafupi pomwepa, ku Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978, ndipo situdiyo ya Imbirani Yahwe ya a Paul Banda inaphunzitsa Amalawi kuti nyimbo yogwira dziko lonse ingathe kujambulidwa kutali ndi Blantyre ndi Lilongwe. Malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, anatuluka m'nyumba yomweyo. Khutu la chigawo chino, chotero, linaleredwa ndi besi wa reggae kwa zaka zoposa makumi anayi, ndipo silingadabwe ndi kuyenda kwa besi wa ku Bristol. Lero lino mnyamata wokhala ndi laputopu yogula pa kaunjika, mahedifoni ndi pulogalamu ya FL Studio ali ndi zida zoposa zimene situdiyo zambiri za m'zaka za m'ma 1990 zinali nazo, ndipo abale ake obwera kuchokera ku Joni amubweretsera kale amapiano, nyimbo ina yodalira mdidi wa pansi. Chimene chimandiwawa mtima ndi chakuti pafupifupi maphokoso onse amene achinyamata athu amaika m'mabiti awo ndi otola pa intaneti, m'mitolo yokonzedwa kale ku Ulaya ndi ku America, imene anzawo a ku Lagos ndi ku Manila akutolanso. Ndipo n'chifukwa chake nyimbo zambiri, ngakhale mawu ake ali a Chichewa chokoma, zimamveka ngati zobadwira kopanda mudzi. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, ndipo sitiyenera kukakana. Koma mutu wometedwa uyenera kukhala wathu.

Taganizirani zimene boma lino limalankhula tsiku ndi tsiku. Pali malole otsika zitunda za msewu wa M1, pakati pa Lizulu ndi Biriwiri pomwe msewu umatsata malire a Mozambique, injini zikubuula poletsa katundu wolemera. Pali matumba a kachewere wa ku Tsangano oponyedwa m'galimoto, chigayo cha dizilo chikudzuka m'mawa, goli likulira pakhosi pa ng'ombe zokoka ngolo, limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo wa pasukulu imene imaitana ana m'malo mwa belu, munsi ukugwa mumtondo, mvula yoyamba pa denga la malata, ndiponso bingu la mwezi wa Disembala likugudubuzika m'mapiri a Kirk. Palibe mtolo wa pa intaneti umene uli ndi zimenezi, ndipo ngakhale mmisiri wa ku London atafuna kuzigula sangazipeze.

Kasandulidwe kake si kamatsenga. Phokoso lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo khutu la munthu limamva kuyambira kunjenjemera ka 20 pa sekondi kufikira pafupifupi ka 20,000. Mukajambula munsi ukugwa mumtondo, nkuuza kompyuta kuti iseweretse mawuwo pa theka la liwiro lake, kunjenjemera kumachepa ndi theka, mawu amatsika nanenepa, ndipo utali wake umawirikiza kawiri. Mukabwerezanso kachiwiri, mtondo wa amayi anu usanduka chitseko cha linga la mfumu. Mdidi wa m'filimu kawirikawiri umamangidwa ndi zigawo zitatu zosanjikiza: kakuthwa koyambirira kamene kamabaya khutu, monga khasu lokhudza mwala, thupi lolemera, monga thumba la kachewere lija litatsitsidwa mawu, ndi mchira wautali wozirala, umene limu ya pasukulu ingaupereke bwino lomwe. Phokoso lokwera lija nalonso silivuta: tengani kulira kwa limu komweko, kumene kumayamba mwamphamvu nkumatha pang'onopang'ono, mukutembenuze kuti kuyambire kumapeto, ndipo mudzamva chinthu chikubwera kuchokera kutali, chikukula, chikuyandikira, mpaka kudzaima pamaso panu. Mvula ya pa malata, mukaichotsa mawu ake okwera nkumawabwezera pang'onopang'ono, imachita chimodzimodzi. Ndipo kubuula kwa lole, kukadulidwa pabwino ndi kulumikizidwa kuti kusathe, kumapereka besi waukali amene ena amamufunafuna usiku wonse pa makina.

Foni yam'manja ikwanira poyambira, malinga mwini wake akhale wodekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdani woyamba ndi mphepo, imene ku mapiri a Ntcheu sisowa, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi; kansalu kofewa kokuta maikolofoni ndi kuima mofulatira mphepo zimathandiza. Mdani wachiwiri ndi kuyandikira kwambiri, pakuti phokoso likaposa mlingo umene makina angalandire limasweka, ndipo losweka polijambula silikonzekanso. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Wachitatu ndi phokoso la anthu ndi mawailesi, ndipo n'chifukwa chake m'bandakucha ndi nthawi yabwino yokolola.

Pali vuto lina limene mmisiri wa kwathu ayenera kulilingalira koposa mnzake wa ku Ulaya. Besi wa nyimbozi amakhala pansi penipeni, pakati pa kunjenjemera ka 30 ndi ka 60 pa sekondi, pomwe munthu amamva ndi chifuwa koposa ndi khutu. Koma anthu athu ambiri adzaimvera nyimboyo pa kasipika ka foni kapena ka wailesi ya mabatire, kamene sikangathe konse kutulutsa mawu otsika chotero. Wodziwa ntchito amamukanda besiyo pang'ono, namuonjezera timawu tokwera tobadwa mwa iye mwini, ndipo ubongo wa womvera, pomva ana, umadzipangira wokha kholo limene sipika yalephera kulitulutsa. Kotero nyimbo iyenera kuyesedwa pawiri isanatuluke: pa zimasipika za paukwati ndi pa foni ya wakabaza.

Tsopano ndifike pa chuma choposa zonse, chimenenso chili chofunika kuchigwira ndi manja awiri. Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana pa Nkolimbo ku Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani, kukumbukira makolo awo, ndi pakati pawo Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Amene anaimapo pafupi ndi bwalo pamene amuna ovala zikopa, zishango ndi zibonga m'manja, aponda nthaka nthawi imodzi povina ngoma, amayi akuwomba m'manja ndi kuimba nthungululu, akudziwa kuti mdidi umenewo umadzera m'mapazi usanafike m'makutu. Ndiwo mdidi womwewo umene amisiri a drum and bass amayesa kuumanga ndi zigawo zitatu zija. Kukhwekhwereza kwa nsungwi za nkhwendo nako kuli ndi liwiro ndi kuthwa kumene kungakhale pamwamba pa ng'oma zothamanga popanda kuchita manyazi.

Koma mbiri ya nyimbo yomweyi ili ndi chenjezo lowawa. Maziko a ng'oma zake zambiri ndi kachidutswa ka masekondi osakwana asanu ndi awiri, kotengedwa m'nyimbo ya gulu la ku America la The Winstons yotchedwa Amen, Brother, ya mu 1969. Kachidutswako kadulidwa, kathamangitsidwa ndi kubwerezedwa m'nyimbo zikwizikwi. Koma Gregory Coleman, amene manja ake anaimba ng'omazo, anamwalira mu 2006 ali wosauka, osalandirapo kanthu pa zonsezo, ndipo munali mu 2015 pamene okonda nyimbo a ku Britain anasonkha ndalama zokwana mapaundi pafupifupi 24,000 nazipereka kwa Richard Spencer, mtsogoleri wa gululo. Ifenso tikudziwa za mawu a makolo opita kutali: Hugh Tracey anayendayenda m'dziko la Nyasaland ndi makina ake ojambulira m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Tiyenera kuthokoza kuti zinasungika, pakuti zikanatayika. Komabe ndi midzi ingati imene zidzukulu zake zinamvapo mawu a agogo awo amene ali kumeneko?

Chifukwa chake mnyamata wa pa Nsipe kapena pa Kasinje amene afuna kujambula mapazi a ngoma asabise foni m'thumba ngati mbala, ngakhale ovinawo ali amalume ake enieni. Ayambe wakagwada kwa nyakwawa ndi kwa akuluakulu a gule, afotokoze chimene afuna kuchita ndi mawuwo, ndipo akauzidwa kuti nyimbo yakutiyakuti ndi ya pamaliro, monga ligubo, siyenera kumveka m'malo omwera mowa, amve ndi kusiya. Akaloledwa, alembe tsiku, mudzi ndi dzina la gulu, awamvetse eni ake nyimboyo isanatuluke, ndipo pokailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza eni luso limene lakhala likugwira ntchito kuyambira mu 1992, gawo la ovinawo lilembedwe pa pepala lomwelo pamodzi ndi lake. Lamulo la za umwini wa luso la mu 2016 limatetezanso zaluso za makolo, kotero kuti wofuna kuchita nazo malonda ayenera kupeza chilolezo asanagulitse kope ngakhale limodzi.